GEOFFREY HARRIS, WOFUFUZA AMITHENGA A UBONGO

1. Funso lakale

Mwana aliyense amene anawetapo mbuzi kapena ng'ombe adziwa kuti zamoyo zonse ziri ndi nyengo zao. Msoti suikira mazira usanakule. Ng'ombe yoonda ndi cilala kawirikawiri sitenga bere kufikira mvula itagwa ndi msipu utaphuka. Mbalame zambiri za m'thengo zimanga zisa zao pa nyengo imodzimodzi caka ndi caka, monga ngati wina waziuza. Anyamata ndi atsikana naonso amafika pa zaka za kutha msinkhu, ndipo matupi ao amasandulika kukhala a anthu akulu.

Kodi cimene cimauza thupi kuti nthawi yakwana nciani? Nanga mau ace amadzera njira yotani? Anthu anzeru a m'maiko ambiri anabvutika nalo funso limeneli zaka zambiri. Amene anatsegula khomo la yankho lace ndiye Geoffrey Harris, dotolo wa ku England, amene anathera moyo wace wonse pa kufufuza kamalo ka m'mutu kocepa ngati njere ya nyemba.

2. Ubwana ndi maphunziro ace

Geoffrey Wingfield Harris anabadwa pa 4 June, 1913, ku Acton, m'mzinda wa London. Anaphunzira pa sukulu ya Dulwich College, ndipo m'caka ca 1932 analowa pa Emmanuel College, ku Yunivesite ya Cambridge. Maphunziro ace a udotolo anakatsiriza pa cipatala ca St Mary's ku London m'caka ca 1939, caka comwe nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inayamba. Pambuyo pace anabwerera ku Cambridge kukaphunzitsa za mapangidwe a thupi la munthu.

Ku Cambridge kunali mphunzitsi wina wacikulire, dzina lace Francis Marshall, amene anadziwa zambiri za kuswana kwa ziweto. Iyeyu anaona kuti nkhosa za ku England zimatenga bere pa nyengo imene masiku ayamba kufupika. Anaonanso kuti nkhosa zotere zikatengedwa pa combo kunka ku maiko a kum'mwera, kumene nyengo zisemphana ndi za ku England, m'kupita kwa nthawi zimasintha ndi kutsata nyengo za dziko lacilendolo. Motero Marshall anatsimikiza mtima kuti kuwala kwa dzuwa, kumene nyama iona ndi maso, kuli ndi mphamvu pa ziwalo zoberekera. Koma maso ali kumutu, ndipo ziwalozo ziri kutali m'mimba. Harris anamva nkhani imeneyi akali wophunzira, ndipo siinacokenso mumtima mwace.

3. Mfumu yopanda lamya

M'thupi muli njira ziwiri zotumizira mau. Yoyamba ndiyo ya minyewa, imene iri ngati nthambo za lamya. Munthu akaponda munga, mau amathamanga m'minyewa m'kamphindi, ndipo phazi limanyamuka. Ubongo weniweniwo unapangidwa ndi timaselo tambirimbiri ta minyewa, tochedwa manyuroni. Njira yaciwiri ndiyo ya mahomoni. Awa ndi mankhwala amene thupi lidzipangira lokha. Ciwalo cimodzi ciwathira m'mwazi, ndipo mwazi uwanyamula kunka nao ku ciwalo cina, monga kapaso anyamula kalata ya mfumu kunka nayo kumudzi wakutali.

Pansi pa ubongo, ca kumbuyo kwa maso, pali kaciwalo kochedwa pituitary. Kamalendewera ku ubongo ndi kaphesi kafupi, monga cipatso cilendewera ku nthambi, ndipo gawo la ubongo limene kamalendewerako lichedwa hypothalamus. Pituitary itumiza mahomoni ambiri. Awiri mwa iwo, ochedwa LH ndi FSH, amapita ku ziwalo zoberekera. Mwa nyama yaikazi amakhwimitsa mazira. Amene anaonapo nkhuku irikutumbulidwa anaona timazira tacikasu tiri pamodzi m'mimba, tina tatikulu, tina tating'ono. Nyama zoyamwitsa nazonso ziri ndi mazira ao, koma ocepetsetsa, obisika m'timatumba tiwiri. Mwa nyama yamphongo LH ndi FSH amakhwimitsa mbeu. Tsono ziwalo zoberekerazo nazonso zipanga mahomoni ao: estrogen ndi progesterone makamaka mwa yaikazi, testosterone makamaka mwa yamphongo. Testosterone ndiye akulitsa khosi la nkhunzi, naliritsa tambala m'mamawa, nameretsa ndebvu za mnyamata.

Masiku amenewo madotolo ambiri ankayesa pituitary mfumu ya ziwalo zonse zopanga mahomoni. Koma panali cozizwitsa. Pituitary iribe maso akuonera dzuwa. Ngati ubongo ndiwo uiuza za nyengo, panayenera kukhala nthambo pakati pao. Anthu anafunafuna ndi makina okulitsa zinthu, ochedwa maikulosikopu, koma ku gawo la kutsogolo la pituitary, kumene LH ndi FSH apangidwa, minyewa yotero sanaipeze. Inali ngati mfumu yolandira mau tsiku ndi tsiku m'nyumba yopanda lamya.

4. Akalulu ndi magetsi

Harris anayamba ndi akalulu oweta, pakuti kalulu wamkazi ali ndi khalidwe lace lace: satulutsa mazira kufikira atakomana ndi wamphongo, ndipo mazirawo amatuluka patapita maora ngati 10. M'caka ca 1937 Harris anaonetsa kuti kalulu akagonekedwa ndi mankhwala, ndipo magetsi ocepa akalowetsedwa ndi kawaya pafupi ndi hypothalamus, mazira amatuluka ngakhale palibe wamphongo.

Koma iye sanakhutire, cifukwa mankhwala ogoneka amasokoneza nchito ya ubongo. Tsono anaganiza njira yocenjera. Anakulunga kawaya kang'ono ngati kankhata, nakaika pansi pa khungu la pamutu pa kalulu, nsonga yace nkutsikira m'kati kufika pamalo pamene anafuna. Bala litapola, anaika kaluluyo m'bokosi lozingidwa ndi nkhata yaikulu ya waya. Poyatsa magetsi m'nkhata yaikuluyo, mphamvu inalowa yokha m'kankhata ka pamutu, kalulu ali maso, alikudya masamba ace, wosagwidwa ndi munthu. Zimene anapeza anazilemba m'caka ca 1948. Nsonga ya kawaya ikakhala mu hypothalamus, mazira anatuluka. Koma ikakhala mu pituitary mwenimwenimo, sipanacitike kanthu. Apa panaoneka kuti mau acokera ku ubongo ndithu, ndi kuti pituitary simva cinenero ca magetsi monga imvera minyewa.

5. Njira ya m'mwazi

M'caka ca 1930 anthu awiri, Gregor Popa wa ku Romania ndi Una Fielding amene anagwira nchito ku London, anali atafotokoza za timitsempha ta mwazi tating'ono kwambiri toyenda pa kaphesi kaja. Iwo anaganiza kuti mwazi umakwera kucokera ku pituitary kunka ku ubongo. Ena ku America anati umatsika. Harris anaona kuti nkhani yonse yagona pamenepa: ngati mwazi utsika, ndiye kuti ubongo ungathe kuthiramo mankhwala ace ndi kuwatumiza ku pituitary wosasowa nthambo.

Pamodzi ndi mnzace John Green anapopera inki yakuda m'mitsempha ya nyama kuti timitsemphato tioneke bwino. M'caka ca 1947 analemba maganizo ao, akuti manyuroni a mu hypothalamus amathira amithenga ao m'timitsempha timeneti. Ndipo m'caka ca 1949 anagoneka khoswe, natsegula kunsi kwa cigaza cace mosamala, naona okha pa maikulosikopu mwazi ulikutsika kucokera ku ubongo kunka ku pituitary.

Komabe panatsala bvuto. Anthu ena anali atayesapo kudula kaphesi kaja. Nyama zina zinaleka kubereka, koma zina zinabereka monga kale. Cifukwa ca ici ambiri anati kaphesiko kalibe nchito yeniyeni. Harris anaganiza kuti kapena timitsempha todulidwa timameranso, monga citsa ciphuka mvula ikagwa. Kuti aone ngati ndi zoona, anadula kaphesi mwa makoswe aakazi ambiri. Ena anawasiya comweco, koma mwa ena anaika kapepala kopaka sera pamalo podulapo, kuti kachinge njira. Khoswe wamkazi wamoyo wabwino amatulutsa mazira pakapita masiku 4 kapena 5 alionse. Makoswe amene timitsempha tao tinameranso anayambanso kutero, koma amene kapepala kanachinga bwino sanayambenso konse. Nchito imeneyi inafuna manja osanjenjemera ndi mtima wofatsa, pakuti kaphesi ka khoswe kali ngati ulusi. Akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha.

6. Dora Jacobsohn

Mutu umodzi susenza denga. Ku Yunivesite ya Lund, m'dziko la Sweden, kunali mai wina wodziwa kuceka nyama zazing'ono mwaluso lodabwitsa, dzina lace Dora Jacobsohn. Iye anabadwira ku Berlin, koma anacoka m'dziko la Germany m'masiku a Hitler, pamene Ayuda analikuzunzidwa. Harris ndi Jacobsohn anagwirizana kucita ciyeso cimene cinadzakhala cochuka koposa zonse.

Anatenga makoswe aakazi amene anali atangoswa, nawacotsa pituitary. Kenaka anatenga pituitary za ana ao omwe, naziika m'mitu ya amao, monga mlimi amezanitsa nthambi ya lalanje pa tsinde la ndimu. Mwa makoswe ena anaziika pansi penipeni pa hypothalamus, pamene timitsempha tija tinathera. Mwa ena anaziika pambali pang'ono, pansi pa gawo lina la ubongo. Konsekonse zomezanitsazo zinagwira ndi kulandira mwazi. Koma makoswe a gulu loyamba okha ndiwo anayambanso kutulutsa mazira pa nthawi yace, ndipo ena anatenganso bere ndi kuswa. A gulu laciwiri ziwalo zao zoberekera zinafota. Motero panadziwika kuti pituitary sifuna mwazi wamba, koma mwazi umene wadzera mu hypothalamus.

Anaonanso cinthu cina cacilendo. Pituitary ya kakhanda inayamba kugwira nchito ya khoswe wamkulu, ndiponso pituitary ya mwana wamphongo inatumikira bwino m'mutu mwa khoswe wamkazi. Ndiye kuti cimene cidziwa msinkhu wa nyama, ndi cimene cisunga masiku a yaikazi, si pituitary ai, koma ubongo. Imene anthu anaiyesa mfumu inapezeka kuti ndi nduna cabe. Zimenezi zinasindikizidwa m'caka ca 1952. Caka comweco Harris anasamukira ku cipatala ca Maudsley ku London. M'caka ca 1953 anasankhidwa kulowa m'bungwe lolemekezeka la Royal Society, ndipo m'caka ca 1955 anatulutsa buku lace lochedwa Neural Control of the Pituitary Gland.

7. Mkangano

Si onse amene anabvomereza. Wotsutsa wamkulu anali Solly Zuckerman, amene anabadwira ku Cape Town m'dziko la South Africa, mphunzitsi wamkulu ku Birmingham, munthu womveka amene boma la Britain linkafunsako nzeru. Iye ndi mnzace anayesa pa kanyama kochedwa ferret, kofanana ndi likongwe, kamene kamakonzekera kubereka masiku akatalika. M'caka ca 1953 analengeza kuti tinyama tiwiri todulidwa kaphesi tinakonzekerabe kubereka, ngakhale timitsempha tao sitinamerenso. Cikhala kuti ici cinali coona, nchito yonse ya Harris ikadagwa.

Harris anayankha ndi nchito. Iye ndi Bernard Donovan anabwereza ciyesoco pa tinyama ta mtundu womwewo, tina natiika kapepala kochinga, ndipo potsiriza anayang'anitsitsa mitu yace pa maikulosikopu. M'caka ca 1954 anaonetsa kuti tinyama timene tinakonzekera kubereka tinali ndi timitsempha tomeranso, ndi kuti pamene njira inatsekedwa kwenikweni, kuwala kunalibe mphamvu. Zuckerman anakhalabe wokayika zaka zambiri, ndipo anali ndi mau amodzi amphamvu: mthenga wa ubongoyo panalibe munthu amene anamugwirapo ndi kumuonetsa.

8. Ubongo umamvetseranso

Mfumu yanzeru siingotuma amithenga. Imamvanso zimene anthu abweza. Ubongo uli cimodzimodzi. Mahomoni a ziwalo zoberekera amayenda m'mwazi wa thupi lonse, nafika ku ubongo ndi ku pituitary. Akaculuka, ubongo umacepetsa amithenga ace, akacepa, umaonjeza. Cifukwa cace mlimi akafula tonde, testosterone amatha m'mwazi, ndipo ubongo, posamva yankho, umangotumabe, kotero kuti LH ndi FSH amaculuka m'mwazi wa mfuleyo koposa kale.

Harris anafuna kuona ngati ubongo umvadi mahomoni amenewa. Pamodzi ndi Richard Michael anatenga amphaka aakazi ocotsedwa matumba a mazira, naika kadontho ka mankhwala onga estrogen mu hypothalamus. Amphakawo anayamba kufuna aamuna monga pa nyengo yao, cinkana ziwalo zao zina sizinasinthe. Ndiye kuti manyuroni enieniwo ndiwo anamva.

Mwa nyama yaikazi muli lamulo linanso. Masiku ambiri estrogen amauza ubongo kuti ufatse. Koma dzira likakhwima, estrogen amaculuka kwambiri, ndipo pamenepo mau ace amatembenuka: LH amatuluka wambiri nthawi imodzi, ndi dzira limamasuka. Ciri ngati mai wophika nsima, amene ayang'ana mumphika nayembekeza phala likali kuwira, koma likapsa athira ufa wambiri nabvundula mwamphamvu.

M'caka ca 1962 Harris anakhala mphunzitsi wamkulu wa za mapangidwe a thupi ku Yunivesite ya Oxford. M'zaka zimenezo iye ndi Seymour Levine anaonetsa kuti khoswe wamkazi akapatsidwa testosterone m'masiku oyamba atabadwa, atakula satulutsa mazira pa nthawi yace, pakuti ubongo wace waumbidwa monga wa wamphongo. Pambuyo pace kunadziwika kuti pa cinthu cimeneci anthu ndi apusi asiyana ndi makoswe. Komabe ciyesoco cinaphunzitsa kuti mahomoni ali ndi mphamvu ya kuumba ubongo ukali wanthete.

9. Liwiro lotsiriza

Inatsala nchito imodzi, ndiyo kugwira mthenga uja ndi kudziwa mapangidwe ace. Harris ndi anzace anaonetsa kuti madzi ofinyidwa mu hypothalamus akathiridwa mu pituitary ya kalulu, mazira amatuluka. Koma mthengayo ndi wocepa kotheratu, kotero kuti pofuna kupeza kafumbi kace kooneka ndi maso panafunika mitu ya ziweto zikwi zambirimbiri. Ku America kunali amuna awiri opikisana, Andrew Schally ndi Roger Guillemin, amene anali ndi ndalama ndi anchito ambiri, nasonkhanitsa tizidutswa ta ubongo wa nkhumba ndi nkhosa kucokera m'nyumba zophera nyama. M'caka ca 1971 gulu la Schally linayamba kufika: linapeza kuti mthengayo apangidwa ndi tizigawo 10 tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Lero achedwa GnRH.

Motero Harris anaona maganizo ace atatsimikizika, koma ndi manja a ena. Caka comweco, pa 29 November, 1971, anamwalira ali ndi zaka 58. M'caka ca 1977 Schally ndi Guillemin analandira mphotho ya Nobel cifukwa ca amithenga a ubongo. Mphotho imeneyi siipatsidwa kwa akufa, ndipo ambiri akhulupirira kuti Harris akadakhala ndi moyo akadalandira nao.

10. Mbeu imene anafesa

Nchito siinathe ndi imfa yace. M'caka ca 1976, ku Oxford komweko, gulu la George Fink, amene anaphunzira kwa Harris, linatapa mwazi wa m'timitsempha tija mwa makoswe, ndi kupeza kuti GnRH amaculukadi dzira lisanatuluke. M'caka ca 1978 Ernst Knobil ndi anzace ku Pittsburgh anaonetsa pa apusi kuti GnRH ayenera kufika modukizadukiza, ngati kamodzi pa ora, monga kugogoda pa citseko. Akamathiridwa kosalekeza, pituitary imaleka kumvera.

Funso lina linacedwa kuyankhidwa. Manyuroni opanga GnRH ndi owerengeka, ndipo alibe khutu lenileni lomvera estrogen pa nchito imeneyi. Nanga yankho la ziwalo zoberekera liwafika bwanji? M'caka ca 2003 madotolo ku France, ku America ndi ku England anapeza kuti anthu ena osatha msinkhu ali ndi cilema pa kumva mthenga wina wochedwa kisspeptin. Pofufuza anapeza kuti mu hypothalamus muli manyuroni opanga kisspeptin, amene amamva estrogen, progesterone ndi testosterone, ndipo ndiwo auza manyuroni a GnRH kuti afulumire kapena afatse. Ali ngati nkhoswe zoima pakati pa mabanja awiri.

Nzeru zimenezi zithandiza anthu lero lino. Madotolo amathandiza nazo mabanja ena osowa mphatso ya ana, ndi ana amene atha msinkhu msanga kwambiri kapena acedwa. Mankhwala ena olerera amagwira nchito pouza ubongo kuti mahomoni akwana, kuti uleke kutuma. Madotolo a ziweto amabaya ng'ombe GnRH kuti zitenge bere pa nthawi yoyenera. Ndiponso cadziwika cifukwa cace ng'ombe yoonda sibereka: ubongo, pozindikira kuti cakudya cacepa m'thupi, umacepetsa amithenga ace kufikira masiku abwino atabwera.

Geoffrey Harris achedwa tate wa maphunziro a ubongo ndi mahomoni. Sanali ndi makina odula. Zida zace zinali kawaya, inki, kapepala ka sera, ndi manja ophunzitsidwa bwino. Pamene ena anamtsutsa, anabwerera ku nchito yace nayesanso, kufikira cinthuco citaoneka poyera.

MAFUNSO

1. Chulani njira ziwiri zimene thupi litumizira mau.
2. Kodi Francis Marshall anaona ciani pa nkhosa zotengedwa kunka ku maiko a kum'mwera?
3. Cifukwa ninji Harris anaika kapepala ka sera m'mitu ya makoswe?
4. Fotokozani ciyeso ca Harris ndi Dora Jacobsohn, ndi zimene cinaphunzitsa.
5. Cifukwa ninji LH amaculuka m'mwazi wa mfule?
6. Kodi Harris anacita ciani pamene Zuckerman anamtsutsa?